Mjigo wa m'kati mwa injini

Umakaniko ndinauphunzirira pansi pa mtengo ku Ndirande, kwa amalume anga. Nditatha miyezi ndikutsuka zitsulo m'beseni la palafini, ntchito yoyamba imene anandilola kugwira ndekha inali kuseta matapeti. Ukachotsa chivundikiro cha pa hedi umapeza ma rocker atandandalika pa mzere, iliyonse ili ndi kasikulu ndi nati kumchira. Umalowetsa feeler gauge, kachitsulo kopyapyala koyezera mpata, pakati pa mlomo wa rocker ndi mutu wa valavu (chitseko cholowetsa mpweya kapena kutulutsa utsi mu silinda), n'kumapotokola kasikuluko mpaka mpata ukhale wake. Amalume ankaima kumbuyo kwanga, manja ali m'matumba a ovolosi. "Iwe, isalowe ngati mpeni m'papaya. Isakanenso. Izikoka pang'ono basi."

Ndinaseta matapeti a ma Datsun, a injini za chigayo, a njinga zamoto, osawerengeka. Koma zaka zonsezo rocker ndinkaitenga ngati mwana wotumidwa: cam (shafiti yolamula nthawi yotsegula mavalavu) yanena, iyo yakatula uthenga kwa valavu, nkhani yatha. Zoti mwanayo amakokomeza uthenga panjira, ndiponso kuti kukokomezako kuli ndi nambala yake, ndinakazidziwira ku Joni. Ndinazidziwa nditawononga katundu wa mwini.

Galaja imene ndimagwirako ili cha ku Benoni, kum'mawa kwa Johannesburg. Eni ake ndi bambo achikulire achizungu amene tonse timangowaitana kuti madala, mawu amene kuno ndi kwathu tanthauzo n'limodzi. Zimene zimatidyetsa ndi mabuleki ndi makalachi, koma mtima wa madalawo uli pa ma V8 akale a ku America, injini za masilinda 8. Anthu a ma V8 kuno ali ndi dandaulo limodzi losatha, la mpweya. Johannesburg inakwera mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, mpweya wake ndi wopepuka, moti injini yopanda turbo imataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 6 a mphamvu imene ikanakhala nayo ku Durban. Choncho kachitsulo kalikonse kolonjeza kulowetsa mpweya wambiri mu silinda anthu amakalimbirana.

Tsiku lina kunabwera bambo wina pa bakkie (pikiapu) yakale ya Chevrolet C10 ya injini ya V8 yotchedwa 350, kabokosi kali m'khwapa. Munali ma rocker 16 atsopano, a kagudumu ku mlomo, iliyonse itadindidwa 1.6. Iye anali atawerenga kuti kumanga amenewa kuli ngati kusintha cam osatsegula injini: valavu izitseguka kwambiri (lift), izikhalanso yotsegula nthawi yayitali (duration). Madala anavomera mbali yoyamba, yachiwiri anapukusa mutu. "Lift ikwera, zoona. Koma duration ili pa chitsulo cha cam. Munthu anaisema pamenepo. Rocker singawonjezere ngakhale digiri imodzi." Anakangana mpaka tiyi kuzizira, kenako kabokosiko kanatera m'manja mwanga.

Kwa amene simunatsegulepo injini ya mtundu uwu, cam yake imakhala pansi, m'mimba mwa buloko. Ndi shafiti yokhala ndi zotupa ngati mazira, dzira limodzi pa valavu iliyonse. Dzira likamazungulira limakankha lifter, lifter n'kukankha ndodo yotchedwa pushrod, ndodoyo n'kukweza mchira wa rocker, mlomo wa rocker n'kutsika kukanikiza valavu. Yobweza zonsezi ndi sipuling'i. Ulendo umene valavu yayenda kuchoka pa mpando wake ndiye lift. Nthawi imene yakhala yotsegula, yowerengedwa m'madigiri a kuzungulira kwa crankshaft, shafiti yaikulu imene mapisitoni amazungulitsa, ndiye duration.

Rocker ndi mjigo wotembenuza. Pa mjigo dzanja lako limakhala kutali ndi pini, pamene ndodo ya m'chitsime ili pafupi. Dzanja limayenda ulendo wautali, ndodo imayenda pang'ono koma mwamphamvu, n'chifukwa chake mwana wa Sitandade 3 amadzaza ndowa yekha. Pa rocker wopopa ndi cam, ndipo anaikhazika ku mbali yaifupi. Ikasuntha pang'ono, valavu imene ili ku mbali yayitali imasuntha kwambiri, koma thukuta likutuluka kwa cam. Ukayeza kuchokera pa pini kukafika pa valavu, n'kugawa ndi mtunda wochokera pa pini kukafika pa pushrod, yankho lake ndi nambala ija yodindidwa pa rocker.

Chevrolet itatulutsa V8 yake yaying'ono mu 1955, motsogozedwa ndi injiniya wake wamkulu Ed Cole, inasankha 1.5. Rocker yake inali chitsulo chongopsinja ndi makina, chooneka ngati supuni, chokhala pa kampira katheka pa bawuti yoima imene amati stud. Nzeruyo inachokera kwa anzawo a Pontiac, ndipo inali yotchipa ndi yopepuka. Injini ya 350, imene inabwera mu 1967, inatengera zomwezo. Ford pa 289 ndi 302 inasankha 1.6. Injini yaikulu ya Chevrolet ya 454 ili ndi 1.7, monganso injini yawo ya LS1 ya mu 1997, pamene LS7 ya mu Corvette Z06 inafika 1.8. Palibe nambala yopatulika apa. Wopanga injini amangosankha kuti lift yochuluka bwanji ichokere pa dzira, yochuluka bwanji ichokere pa rocker.

Dzira la cam ya mu bakkie ija linali lokwera mainchi 0.300. (Anthu a ma V8 amayeza m'mainchi ngakhale kuno, ndiye mundipirire.) Kuchulukitsa ndi 1.5, valavu imatsika 0.450, omwe ndi mamilimita 11.4. Kuchulukitsa ndi 1.6, imatsika 0.480, mamilimita 12.2. Ndinaseka chamumtima kuti munthu wamkulu watulutsa ndalama zonsezi pogula mpata wosakwana milimita imodzi. Kupeputsa kumeneko ndiko kunandipweteketsa.

Ndinamanga onse 16 masana amodzi, ndinaseta, ndinaliza injini. Inalira bwinobwino, ndipo bambo uja anapita akumwetulira. Patatha masiku anayi bakkie inabwerera ikutsimphina, silinda imodzi itafa, m'chivundikiro mukugogoda. Titatsegula tinapeza pushrod imodzi itapindika ngati uta, zina zingapo zili ndi mphete yonyezimira pamene zinkakhula hedi.

Madala sanakalipe. Anatenga rocker yakale ndi yatsopano, anazigundanitsa, n'kundipatsa. "Taona kumene kachikho kapita." Apo m'pamene maso ananditseguka. Mtunda wochokera pa stud kukafika pa valavu sungasinthe, popeza zonse ziwiri zinakhazikika mu hedi. Ndiye kuti 1.5 isanduke 1.6, yofupika ndi mbali ya kumchira: kachikho kolandira pushrod kamasendera kufupi ndi stud, ndodonso n'kupendekera komweko. Pa mahedi akale a Chevrolet ndodoyi imadutsa pa kabowo kopapatiza koigwira kuti isayende m'mbali, ndipo ikapendekera imakhula kumapeto kwa kabowoko. Mankhwala ake aliyense wa ma V8 amawadziwa, ndiko kutalikitsa kabowoko pang'ono cha ku stud. Ine sindinasuzumiremo n'komwe. Ndikanangozungulitsa injini ndi sipanala, tochi ili m'kamwa, ndikanaona. Ma pushrod atsopano ndinagula ndi ndalama ya m'thumba mwanga, ndipo mwezi umenewo ya kumudzi inachepa.

Popeza mahedi anayenera kutsika kuti mabowo akonzedwe popanda zinyenyeswa kugwera mu injini, madala anati pobwezera tithetseretu mlandu wa duration uja. Loweruka m'mawa tinamanga gudumu la madigiri kutsogolo kwa crankshaft, kawaya kosongoka kakuloza manambala. Lifter ya oyilo tinaichotsa n'kuikamo yolimba, chifukwa ya oyilo imaphwa ukamazungulitsa ndi dzanja, n'kukunamiza. Tinaika sipuling'i yofewa yoyezera ndi dial gauge, kawotchi kosonyeza mtunda umene chitsulo chasuntha. Mwini bakkie anabwera yekha kudzaonerera.

Poyamba gauge tinaiika pa lifter. Tinazungulitsa mpaka yakwera 0.050, tinalemba digiri. Tinapitiriza, yadutsa pa nsonga, yatsikanso pa 0.050, tinalemba. Madigiri 218, ndendende zimene zinali pa khadi la miyezo limene limabwera ndi cam. Rocker inalibe nazo mbali, chifukwa pamenepo n'kuti uthenga usanaifike. Madala anamuyang'ana kasitomala, osanena kanthu.

Nambala ya 0.050 ili ndi chifukwa chake. Dzira la cam limayamba kukwera mozemba, moti kuloza digiri yeniyeni imene layambira n'kovuta. Kampani iliyonse inkayambira kuwerenga pamene yakonda, ina pa 0.004, ina pa 0.006, ndipo ma cam awiri sukanawayerekeza. Opanga ma cam a ku America anadzazolowera kuyezera pa 0.050, pamene lifter yayamba kuyenda mooneka. Muyezowu ndi wabwino, koma ndi wa pa lifter, ndipo mpweya sudutsa pa lifter.

Tinasamutsira gauge pa valavu. Choyamba kutidabwitsa sichinali cha mkangano n'komwe: rocker yakale ija, imene mabuku amati ndi 1.5, inangopereka 0.438 m'malo mwa 0.450. Imeneyo ndi 1.46. Madala anati masupuni ambiri opsinja aja amaba chonchi, komanso nambalayo sikhala imodzimodzi ulendo wonse, chifukwa mlomo umayenda mokhota ukusesereka pa mutu wa valavu. Yatsopano inafika pa 0.480 yake.

Kenako tinalowa mu mlandu weniweni. Valavu inkanyamuka pa mpando pa digiri yomweyo ndi rocker zonse ziwiri, n'kukhalanso pansi pa digiri yomweyo. Ngati panali kusiyana, gudumu lathu silinakuone. Nsonga ya ulendo inalinso pamalo amodzi. Mpaka apa madala anali akuwina. Koma titafunsa funso lina, loti valavu imatha madigiri angati itatseguka kupitirira 0.050, yatsopano inaposa ndi madigiri 3. Pa 0.200 inaposa ndi 7. Pa 0.400 inaposa ndi opitirira 20. Kumtunda kwa 0.438 kunali dziko limene valavuyo inali isanapondeko chibadwire.

Ndinakumbuka khola la kwathu. Ukamatsegulira mbuzi m'mawa, sizisamala nthawi imene wagwira chitseko. Zimadikira kuti mpata ukwane mimba. Anthu awiri angayambe kutsegula nthawi imodzi n'kumaliza kutseka nthawi imodzi, koma wokankha chitseko mwachangu n'kuchiyasamula kwambiri ndiye atulutse mbuzi zambiri. Ndinawauza zimenezi m'Chingerezi changa chothyokathyoka, ndipo kasitomala anaseka mpaka kutsokomola.

"Cam sinasinthe," anatero madala akupukuta manja.

"Valavu yasintha," anayankha winayo.

Ine ndimati pa khadi madala anali olondola, kungoti injini siwerenga khadi. Koma bambo wa bakkie nayenso anapyola malire ponena kuti n'chimodzimodzi kusintha cam. Khalidwe la injini, kuti ikhale yokoka pansi kapena yothamanga pamwamba, limadalira kwambiri nthawi imene valavu yolowetsa mpweya imatsekeka pisitoni itayamba kale kukwera. Cam yaikulu imachedwetsa nthawi imeneyi ndi madigiri ambiri. Mphamvu imasamukira kumwamba, pansi injini imafooka, ikaima pa maloboti imanjenjemera ngati ya malungo. Rocker nthawi imeneyo siikhudza kwenikweni. Imangokulitsa mpata pakati pa nthawi ziwiri zimene cam inalamula kale. N'chifukwa chake bakkie yokoka ngolo imatha kupindula nayo osataya ulemu wake wa pansi. Chimene chimakula pang'ono ndi mpata wa pa kanthawi kamene mavalavu onse awiri, yolowetsa mpweya ndi yotulutsa utsi, ali otsegula, ndiye khutu lozolowera limamva kuti injini ikulira mokhakhala pang'ono ikaima.

Nanga thukuta lija? Injini ikamazungulira ka 6,000 pa mphindi, valavu iliyonse imatseguka ndi kutsekeka ka 50 pa sekondi. Ukaitalikitsira ulendo koma nthawi n'kukhala yomweyo, iyenera kuthamanga kwambiri, kunyamuka mwankhanza ndi kuima mwankhanza, pafupifupi 7 pa 100 kuposa kale. Yogwira zonsezi kuti zisauluke ndi sipuling'i, ndipo ikakhala yotopa valavu imayamba kuyandama msanga, osatsatiranso dzira. Kumbali ya cam, masamu a mjigo aja amabwera kudzatenga ngongole. Tiyerekeze sipuling'i yokankha mapaundi 280 valavu itatseguka. Kudzera pa 1.5, pushrod ndi dzira zimasenza 420. Ndi 1.6 sipuling'i imafinyika mopitirira, kufika mwina 289, ndipo kuchulukitsa ndi 1.6 ndi 462. Kuchoka pa makilogalamu 190 kufika pa 210, pa kamalo kochepa ngati chikhadabo, ka 50 pa sekondi. Ma stud a m'mahedi akale anangokhomeredwa, alibe mazinga, ndipo katundu akachuluka amayamba kuzuka pang'onopang'ono.

Loweruka lomwelo madala anandiyezetsa zonse zimene ndinadumpha tsiku loyamba. Sipuling'i ikafinyika mpaka mawaya ake kugundana imasanduka chitsulo chimodzi, ndipo chofooka chilichonse pa mzerewo chimathyoka, ndiye timasiya mpata wa 0.060. Kambale kogwira sipuling'i kasamenye silo ya oyilo. Bowo la pansi pa rocker lisagunde stud. Ndipo valavu isapsompsone pisitoni, zimene sizichitika valavu ili pa nsonga ayi, popeza nthawi imeneyo pisitoni ili kutali. Zimachitika pisitoni ili pafupi ndi pamwamba, yotulutsa utsi ikutsekeka, yolowetsa ikutseguka. Pamenepo timafuna 0.080 ku yolowetsa ndi 0.100 ku yotulutsa. Zonse zinakwana, mwamwayi chabe.

Wina angafunse kuti bwanji osangosema dzira lalitali n'kusiya rocker pamtendere. Yankho lili pa lifter ya pansi pafulati. Dzira likakhala lotsetsereka kwambiri, malo ogundana amathawira m'mphepete mwa lifter, ndipo m'mphepetemo mumayamba kukumba dzira. Kukula kwa lifter ndiko kumaika malire: ya Chevrolet yaying'ono ndi mainchi 0.842, ya Ford 0.875, ya Chrysler 0.904. Amene wafika pa malirewo koma akufunabe valavu yachangu, chomutsalira ndi rocker. Ku mipikisano ya magalimoto ya NASCAR ku America malamulo anakakamiza lifter yafulati kwa zaka zambiri, mpaka analola ya kagudumu mu 2015, ndipo akatswiri kumeneko ankagwiritsa ntchito ma rocker opitirira 2 pa injini zozungulira ka 9,000. Mtengo wake unali woti zitsulozo sizinkayembekezeredwa kukalamba.

Phindu la bakkie ija linali lochepa, ndinene zoona. Valavu yake yolowetsa ndi ya mainchi 1.94, ndipo ikatseguka kufika pa gawo limodzi mwa magawo anayi a kukula kwake, cha pa 0.485, mpata wa m'mbali mwake umafanana ndi kukula kwa mutu wa valavuyo. Kupitirira apo chotchinga sichikhalanso chitseko koma njira ya m'kati mwa hedi, ndipo njira za mahedi akale a fakitale n'zopanikizika. Mwiniwake anati ikukoka bwinoko akamapitirira malole pa msewu wa N12. Ndimamukhulupirira, ngakhale ndikudziwa kuti munthu amene walipira kawiri phazi lake limamva zambiri.

Chimene chinandisowetsa tulo pambuyo pake si V8 ayi, koma amalume. Pa injini ya matapeti oseta, mpata uja wa feeler gauge uyenera kutsekeka kaye valavu isananyamuke. Ukauchepetsa, valavu imanyamuka msanga n'kukhala pansi mochedwa. Ukaukulitsa, imachedwa kunyamuka, imafulumira kutsekeka, ndipo rocker imaimenya ngati hamala chifukwa kachitunda kofatsa ka poyambira dzira kadutsa kale. Ndiye kuti duration ya pa mpando, ija tinalephera kuisuntha ndi bokosi la ma rocker odula, ine ndinkaisuntha tsiku lililonse ku Ndirande ndi sikuludiraiva, osadziwa dzina lake. Mpatawo nawonso umadutsa pa masamu a mjigo: 0.020 pa valavu ndi 0.0133 pa cam ngati rocker ndi 1.5, koma 0.0125 ngati ndi 1.6. Wosintha rocker pa injini ya matapeti oseta ayenera kuwonjezera mpata pang'ono kuti valavu inyamukire pamene wosema dzira anafuna.

Mwezi watha anandiimbira mphwanga amene amayendetsa kabaza ya njinga yamoto ku Lilongwe. Njinga yake ndi imodzi mwa zija za ku China zotengera Honda CG125, injini ya pushrod imene Honda inatulutsa mu 1975 poganizira mayiko amene anthu amachedwa kusintha oyilo. Dzira lake n'limodzi lokha, lotumikira mavalavu onse awiri.

"Achimwene, anzanga pa siteji akuti ndikamanga matapeti kwambiri njinga iziuluka. Zoona?"

Ndinamuuza kuti idzasiya kugogoda, inde, ndipo tsiku loyamba adzaona ngati wapeza mankhwala. Koma injini ikatentha valavu imatalika, mpata uja umatha, valavu yotulutsa utsi siikhalanso bwino pa mpando. Pa mpandopo m'pamene imatayira kutentha kwake, ndiye ikalephera kukhala imapsa m'mphepete. M'mawa njinga izivuta kulira, pa chitunda cha ku Area 25 izifuna kutsitsa kasitomala. Buku la Honda limati mamilimita 0.08, injini itazizira.

"Nanga feeler gauge ndiipeza kuti, achimwene? Kuno timayezera lezala."

Lezala ndi pafupifupi 0.1, ndiye sanasochere patali. Komabe katundu wa mwezi uno amene ndakakweza pa basi ku Park Station muli feeler gauge, ndaikulunga m'sokosi, pakati pa mafuta ophikira ndi sopo wa amayi.